Diso Limene Analifufuta

Pa shopu yosindikizira ankamutchula Sopo. Dzinalo anamupatsa ndi mkulu woyendetsa makina, chifukwa nkhope iliyonse yodutsa pa kompyuta yake inkatuluka ngati yangochoka kosamba. Ziphuphu, makwinya, mano achikasu, thukuta la pamphuno, zonse ankazichotsa tiyi wake asanazizire. Akwati ankabwera kudzatenga makadi awo n'kumadziyang'ana kawiri, osadzikhulupirira. Bambo wina wa chibwano cha mizere itatu anatuluka pa kalendala ndi mzere umodzi, mkazi wake mpaka anatumiza mawu othokoza.

Tebulo la Sopo linali kuseri kwa kabati ya mapepala, pakona popanda zenera. Makasitomala ankathera pa kauntala, n'kumaseka ndi abwana. Kwa iye kunkangofika kapepala kolembedwa zofunika kuchita. Tsiku lonse ankakhala maso ndi maso ndi anthu amene sankamudziwa, kuwakulitsa pa sikirini mpaka kuona timabowo ta pakhungu pawo.

Tsiku limenelo linali lachisanu ndi chinayi chisowereni bambo ake.

Bambowo ankakhala kwa achimwene ake a Sopo, mwana woyamba, m'nyumba ya mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Kwa zaka ziwiri mutu wawo unali ukutaya zinthu. Unayamba ndi makiyi, kenako masiku, kenako mayina a ana awo omwe. Munthu amene anagwira ntchito ku positi zaka makumi atatu, wodziwa pamtima bokosi la aliyense, tsopano ankafunsa mpongozi wake kuti, "Mayi, basi yobwerera idutsa nthawi yanji?" Achimwene ankati ndi ukalamba chabe. Kukabwera alendo, ankawakhazika bambo kuchipinda chakumapeto n'kuwatsegulira wailesi. Lachiwiri lina m'mawa geti linatsala lotsegula, ndipo pofika nthawi ya tiyi mpando wawo unali wopanda munthu.

Masana a tsiku lomwelo achimwene anabwera ku shopu, tayi ali pakhosi, n'kuima kumbuyo kwa mpando wa Sopo kuti apange positala. Chithunzi chaposachedwa chinalipo chimodzi chokha, chimene Sopo anawajambula pa foni ali pakhonde miyezi iwiri m'mbuyomo. Anachitsegula, dzanja lake n'kuyamba ntchito lokha monga linazolowera.

Palibe anamuuza. Diso lamanzere la bambo linali loyera ndi ng'ala. Iye anakopera lamanja, kulitembenuza, n'kuliika pamenepo. Chipsera chochoka pamlomo mpaka pachibwano, cha lata limene linawagwera ali mnyamata, chinatha ndi kukhudza katatu. Mano awiri akutsogolo anabwerera. Masaya olowa anawadzaza pang'ono, ndevu za imvi n'kuzimeta. Juzi yawo inali yothothoka m'khosi, ndiye anabwereka jekete pa chithunzi cha munthu wina n'kuwaveka.

"Eya," achimwene anatero akugwedeza mutu. "Amenewo ndiye bambo athu."

Sopo anamva kukoma mumtima. Achimwene ake sankayamikira zinthu wamba.

"Tilembe kuti amaiwala?" anafunsa.

"Ulembe kuti ndi munthu waulemu, wopuma pa ntchito ya ku positi. Zinazo ndi za m'nyumba."

Anasindikiza mapepala mazana awiri. Lachitatu anawamata kumene achimwene analozera: pa mabanki, pa maofesi, pa zipata za matchalitchi, pa mitengo ya magetsi ya m'misewu ikuluikulu, ndi ena ochepa ku depoti ya mabasi. Kenako anayamba kudikira.

Foni inkalira mwa apo ndi apo. Wina anati anaona bwana wotero akuyendetsa galimoto yoyera. Wina anangofunsa ngati pali mphotho. Mtsikana wina anati, "Pepani ndi zimene zakuonekerani, koma chithunzicho ndi chokongola. Mumapanganso makadi a ukwati?"

Akaweruka, Sopo ankadutsa ku polisi ndi kuchipatala, n'kukatenga mwana wake wa zaka zitatu kwa mayi wa khomo loyandikana. Kwawo kunali chipinda chimodzi: bedi, mbaula, kabati, ndi chingwe choyanikapo zovala chochoka pa zenera mpaka pa chitseko. Mwamuna wake anapita kutali kukagwira ntchito ya mumgodi. Sopo anamutumizira mauthenga anayi onena za bambo, koma onse anangokhala osawerengedwa. Ankadya ndi mwanayo, foni ili pambali pa mbale.

Lachinayi limenelo, mvula ya dzulo lake inali itamatula mapepala ambiri. Pa nthawi ya chakudya chamasana Sopo anatenga kachidebe ka guluu, burashi ndi mapepala otsala, ulendo ku depoti. Pakhoma la chipinda chodikirira mabasi, pamwamba pa benchi yayitali, positala yake inali itapindika ngodya imodzi. Anayamba kuipaka guluu.

"Mukumatanso?" Anali mayi wosesa, tsache lili m'manja, atavala magolovesi osiyana mitundu. "Mukudziwa amene amavutika kukanda zimenezi? Ndine."

"Ndi bambo anga, mayi."

Wosesayo anatsitsa tsache. Anasendera pafupi, n'kuyang'anitsitsa chithunzicho maso atatsinzina pang'ono.

"Pepani, mwana wanga. Pakamwa panga pamathamanga. Koma bwana ngati ameneyu akanadutsa pano ndikanamuona. Majekete otere sakhala pa benchi, amakwera basi n'kumapita." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Amene timakhala nawo ife ndi ena. Sabata yatha pomwepa panali agogo ena, masiku atatu athunthu, popanda ndi mmodzi yemwe wobwera kudzawafunsa. Ana a masiku ano."

Sopo anapitiriza kupaka guluu. "Anali otani?"

"Owonda. Ndevu mbuu. Diso limodzi loyera ngati mkaka. Ndiye chipsera apa." Chala cha golovesi chinayenda kuchoka pamlomo mpaka pachibwano.

Burashi inaima. Guluu anadontha pa nsapato ya Sopo, dontho limodzi, lachiwiri, iye osasuntha phazi.

"Koma aulemu," wosesa anapitiriza. "Ankatola matikiti otayidwa n'kumawasanja pa benchi timilu timilu. Ndikati ndisese, amvekere, 'Mayi, awa sanadindidwe.' Ine n'kuwasiyira. M'mawa ndinkawagawira tiyi wanga."

"Ankakhala pati?"

"Pomwe mwaimapo. Mutu atatsamira pepala lanu lomweli. Tsiku lina ndinawaseka, ndinati agogo, abwana ali pamwamba panuwa mukuwadziwa? Anatembenuka, kuyang'ana bwinobwino, n'kuti iyayi, sanagwirepo nawo ntchito."

"Ali kuti tsopano?"

"Lamlungu alonda anawathamangitsa. Anali atadzikodzera pa benchi, okwera mabasi n'kuyamba kudandaula. Ndinawaona akulowera njira ya kumafakitale." Wosesayo anamuyang'ana Sopo kumaso. "Bwanji? Mukuwadziwa?"

"Ndi omwewa."

Mayiyo anayang'ana pepala, anayang'ana Sopo, n'kuyang'ananso pepala.

"Chithunzi cha ali mnyamata?"

"Cha miyezi iwiri yapitayo."

"Ndiye kamera yanu ndi yabodza, mwana wanga. Mukaibweze kumene munaigula."

"Si kamera," Sopo anatero. Anatseka kachidebe kake n'kutuluka.

Anayenda njira ya kumafakitale kupita ndi kubwerera, kusuzumira m'ngalande ndi kuseri kwa malole oimikidwa. Mapepala amene anali nawo m'manja sanaonetse munthu. Ankangofunsa pakamwa za mkulu wa diso loyera, alonda a m'mageti n'kumapukusa mitu kuti iwo ayamba ntchito lero, afunse a mawa. Anafika ku shopu patapita maola awiri, matope ali m'miyendo.

"Chakudya cha lero chinali ndi mafupa ambiri," abwana anatero ali pa kauntala, osadzutsa mutu. "Makadi a sukulu ya mkaka aja akudikira."

Sopo anadutsa n'kukakhala pakona pake. Makadiwo sanawakhudze. Anatsegula fayilo ya bambo.

Pa ntchito yake, chilichonse chimene wakonza pa chithunzi chimakhala pachokha, chosanjikizidwa pamwamba ngati pepala la pulasitiki loonekera. Amazitcha maleya. Chithunzi chenicheni chimakhala pansi pa zonsezo, chosakhudzidwa. Sopo anawerenga maleya a pa nkhope ya bambo ake. Analipo khumi ndi anayi, lililonse ndi dzina limene analipatsa yekha: jekete, ndevu, mano, tsaya, tsaya lina, chipsera, diso.

Anayamba kuwazimitsa kuchokera pamwamba. Jekete linachoka, juzi yothothoka n'kubwera. Ndevu zinamera. Mano anagweruka. Masaya analowa. Pa chipsera anachedwa pang'ono. Ali mwana ankakonda kuchitsata ndi chala, bambo n'kumanamizira kuti amuluma. Lomaliza linali diso. Atalizimitsa, bambo ake anamuyang'ana ali pakhonde paja, mutu utapendekeka, monga ankachitira pofuna kuona munthu ndi diso labwinolo.

Anakhala manja ali pamiyendo. Kuseri kwa kabati makina ankagunda, abwana ankaseka ndi kasitomala. Panalibe womuona, ndiye analira pang'ono, mwakachetechete, n'kupukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi. Kenako anakoka kiyibodi.

Anachotsa maluwa a m'mbali amene anaika pa positala yoyamba. Anachotsa mtundu wa golide. Anasiya pepala loyera, zilembo zakuda zonenepa, nkhope yaikulu theka la pepala, ndi nambala ya foni yoti munthu aiwerenge ali pawindo la minibasi. Mawu anawalemba, kufufuta, kulembanso, mpaka anakhala otere:

ASOWA. Bambo athu, a zaka 74. Diso lamanzere ndi loyera. Ali ndi chipsera kuchoka pamlomo mpaka pachibwano. Mano awiri akutsogolo palibe. Amaiwala: dzina lawo sangakuuzeni, kwawo sakukudziwa. Mwina zovala zawo zada ndipo zikununkha. Amatola mapepala n'kumawasanja. Si oopsa. Musawathamangitse. Akhazikeni pansi, apatseni madzi, imbani nambala iyi.

Pansi pake anawonjezera mzere wina: Chithunzi chimene munaona poyamba tinachikonza pa kompyuta. Nkhope yawo ndi iyi.

Anauwerenga mzerewo kawiri. Anafufuta "tinachikonza" n'kulemba "ndinachikonza."

Abwana anabwera kudzafunsa za makadi aja, n'kuima kumbuyo kwake akuwerenga, milomo ikuyenda.

"Pepa, mwana iwe," anatero atamaliza. "Sindikana, sindikiza. Koma mzere womalizawo ndi wa chiyani?"

"Anthu ali ndi nkhope ina m'mutu. Ndikapanda kuwauza, aziganiza kuti asowa ndi anthu awiri."

"Ndiye ukufuna tauni yonse idziwe kuti pano timakonza nkhope?"

"Akudziwa kale, bwana. N'chimene amabwerera."

"Kudziwa ndi kwina, kulemba pakhoma ndi kwina. Mkwati akawerenga zimenezi, alamu ake aziti chiyani poona khadi?" Analoza pansi pa pepala, pamene nthawi zonse pankakhala dzina la shopu m'tizilembo ting'onoting'ono. "Ngati mzerewo ukhala, dzina langa lichoke."

Sopo analichotsa abwana akuona. Iwo anabwerera ku kauntala.

Mkulu wa makina, wa zala zakuda ndi inki ngakhale Lamlungu, anatulutsa pepala loyamba n'kulinyamula m'mwamba pafupi ndi getsi.

"Lero Sopo watha thovu," anatero. Sopo sanaseke, ndipo mkuluyo anatsokomola. "Awa ndiye ndikuwadziwa. Ankandipatsa makalata pawindo lachiwiri. Tsiku lija ndikusindikiza oyamba aja ndinadabwa, ndinati kapena ndi mng'ono wawo."

"Bwanji simunanene?"

"Ine ntchito yanga ndi kudina batani, mwana wanga. Ndimaganiza kuti eni ake mukudziwa chimene mukuchita." Anaika pepala pa tebulo. "Akuoneka otuwa. Ndiwonjezere mtundu pang'ono?"

"Musawonjeze kanthu."

Makina akugunda, Sopo anajambula pepalalo n'kutumizira achimwene ake pa foni. Sanafune kuti akalione koyamba pa mtengo wa magetsi. Sipanathe mphindi ziwiri foni inalira.

"Iwe, n'chiyani chimenechi?"

"Positala yatsopano, achimwene."

"Zikununkha? Walemba kuti zikununkha? Bambo ako okubala?"

"Anagona masiku atatu ku depoti, mutu atatsamira chithunzi chathu chija. Palibe anawazindikira. Ngakhale iwo eni sanadzizindikire."

Pa foni Sopo ankamva fani ya mu ofesi ya achimwene ikuzungulira.

"Wakuuza ndani?"

"Mayi wosesa."

"Wosesa."

"Ndi amene ankawapatsa tiyi."

"Tamvera, mlongo wanga." Mawu a achimwene anatsika, monga ankachitira pofuna kumunyengerera ali mwana. "Chithunzicho sintha, chabwino. Koma mawuwo ayi. Anthu a ku ofesi kwanga amadutsa misewu imeneyo. Akumpingo. Makolo a alamu ako. Ukufuna aziti bambo a uje anapenga, amadzikodzera m'madepoti? Munthu anagwira ntchito zaka makumi atatu osachedwapo ndi tsiku limodzi. Umusiyire ulemu wake."

"Ulemu tinawasiyira sabata yatha. Alonda anawathamangitsa uli pakhoma."

"Usandiyankhe choncho."

"Diso ndinafufuta ndine, achimwene, simunandiuze. Mlandu umenewo ndi wanga. Koma sindibisanso kanthu. Amene angawapeze si a ku ofesi kwanu."

"Nambala yanga isakhalepo."

"Ndaichotsa kale."

"Ukamata zimenezo, pakhomo panga usadzapondepo."

Foni inaduka. Sopo anaiyang'ana mpaka sikirini inazima. Chimwalirireni mayi awo, nyumba ya mpanda ija ndi kumene ankapita Lamlungu masana, kukakhala pakhonde ndi bambo, mwana akuthamangitsa nkhuku. Kwina kopita analibe.

Lachisanu anapempha tchuthi, abwana n'kuvomera ndi mphuno. Mayi woyandikana naye anali atapita kuchipatala ndi mwana wake, ndiye Sopo anabereka wakeyo kumbuyo, ngakhale anali wamkulu kale moti miyendo inkamumenya m'ntchafu. Kudzanja limodzi kachidebe, kwina mapepala m'jumbo.

Ulendo uno mabanki anawadutsa. Anamata kuseri kwa msika, pa mipopi ya madzi, pa zimbudzi zolipiritsa, pafupi ndi motayira zinyalala, pa makoma a mafakitale. Ndipo ankamata m'munsi, pofika m'chiuno, chifukwa anali ataona kuti osoka nsapato, ogulitsa malonda ndi opemphetsa amakhala pansi tsiku lonse, ndipo munthu wosochera akatopa amakhala pakati pa iwowo. Pamene panali positala yakale ankamata yatsopano pamwamba pake, n'kusalaza ndi chikhatho kuchoka pakati kupita m'mbali kuti musatsale mpweya.

Anthu ankaunjikana kuwerenga. Anyamata ena onyamula katundu anaseka pa mawu akuti zikununkha, mmodzi n'kuuza mnzake kuti, "Aise, akukufuna kwanu." Mayi wina wovala bwino anawerenga mpaka pansi, n'kunena mokweza kuti aliyense amve, "Mwana wolemba zotere za kholo lake ndi wosaleredwa." Sopo anali ataima pomwepo, burashi ili m'manja. Anaiviika m'chidebe n'kupita pa khoma lina.

Ku depoti wosesa uja anachotsa golovesi imodzi n'kugwira pepalalo ndi chala.

"Awa ndiye agogo anga aja," anatero. "Ndipatseni khumi. Ndikapatsa anzanga osesa m'misewu, iwo amadzuka tauni isanadzuke. Ili lokha sindidzakanda."

Mwana anagona kumbuyo, mutu ukulendewera. Pa khoma lomaliza guluu anali atatha, Sopo n'kuchita kukokota ndi chala m'mbali mwa chidebe.

Tsiku limenelo foni sinalire. Loweruka m'mawa anachapa, kuyanika, kukolopa chipinda chimene chinali chokolopa kale. Kawiri anadziimbira pa foni ya woyandikana naye kuti aone ngati yake ikugwira. Anayamba kuganiza kuti mwina wataya mlongo wake pachabe, kuti bambo ali m'ngalande ina kumene kulibe wowerenga mapepala.

Inalira dzuwa litapendeka. Mawu a mwamuna, okhuthala, kumbuyo kukumveka nyundo.

"Ndi inu mwataya mdala wa diso loyera?"

"Ndine."

"Tili naye kuno. Kupitirira mafakitale, mukawoloka mlatho, pamene timamata matayala. Anafika Lolemba. Mayi wina wosesa wandipatsa pepala lanu pompano."

"Ali moyo?"

"Akudya chinangwa chathu ngati analima nawo, ndiye ali moyo. Makatoni onse a machubu watisanjira, malo sanaonekepo bwino chonchi. Pepala lanu lakale lija lili pa mtengo wa magetsi patsogolo pathu pomwepa, sabata yonse ndakhala ndikuliona. Ndikanadziwa bwanji? Uja ndi nduna, uyu ndi mnzathu."

Sopo anabereka mwana, chitseko n'kuchita kubwerera kuti akachikhome.

Malowo anali kamthunzi ka malata anayi pambali pa msewu, matayala ataunjikidwa mbali zonse, beseni la madzi akuda pakati. Womata matayala, bambo wamfupi wa mapewa otambalala, analoza ndi chibwano. Kumbuyo, pa tayala la lole, panakhala bambo ake. Anali atavala ovolosi ya munthu wina, yopindidwa m'manja ndi m'miyendo. Mapazi anali otupa, osweka m'zidendene. Nsapato zinali pambali, zosalowanso.

"Zovala zawo tinaviika, sizinali zoti munthu n'kukhala naye pafupi," womata matayala anatero motsitsa mawu. "Amagona m'kachipinda ka kompuresa. Tinati tidikire, mwina wina abwera."

Sopo anagwada patsogolo pawo, mwana akadali kumbuyo.

"Bambo."

Iwo anapendeketsa mutu n'kumuyang'ana.

"Takulandirani, mayi," anatero mwaulemu. "Khalani pa mpando. Abwana atuluka pang'ono."

"Bambo, ndine."

"Eya, eya," anatero, n'kumwetulira ndi nkhama. "Kunyumba ali bwanji?"

Anagwira mapazi awo. Anali otentha. Anapempha madzi oyera, womata matayala n'kutuma mnzake ku mpopi. Akudikira, Sopo anaimika mwana pansi n'kupita kuseri kwa matayala kukaimba foni. Inalira mpaka kuduka. Anaimbanso. Kachitatu achimwene anayankha.

"Apezeka," Sopo anatero.

Anamva mpweya wautali ukutuluka, kenako phokoso ngati munthu wakhala pansi mwadzidzidzi.

"Ali bwanji?" Mawuwo ananjenjemera.

"Mapazi atupa. Awonda. Koma akulankhula."

"Ambuye." Kumbuyo kunkamveka mafoloko ndi kuseka kwa anthu. Achimwene atayambanso kulankhula, mawu anali atabwerera m'malo mwake. "Tamvera. Kuno kuli alendo, makolo a alamu ako, achoka mawa. Uwatengere kaye kwanuko, uwasambitse, uwamete. Lolemba ndibwera ndi galimoto. Ndipo mapepala ako aja uyambe kumatula lero."

"Mapepala ndimatula. Koma galimoto musavutike nayo. Akhala ndi ine."

"M'chipinda chimodzi?"

"Chomwecho."

"Ukapita ku ntchito aziwaona ndani?"

"Sindikudziwa. Ndifunsa anthu. Tsopano aliyense akudziwa mmene alili, sindivutika kufotokoza."

Ulendo uno foni anadula ndi Sopo.

Anawasambitsa mapazi m'kabeseni, bambo akuyang'ana kumsewu ngati mapaziwo ndi a munthu wina. Womata matayala anatenga mpeni wake n'kucheka nsapato zija pamwamba kuti mapazi alowe. Sopo atayamba kuthokoza, iye anakupiza dzanja.

"Ovolosiyo mudzabweze mukadzadutsa. Mwini wake ndi waulesi, saisowa." Kenako anawerama kwa bambo. "Mdala, mwapuma pa ntchito. Muziyenda bwino."

Kuchoka pamenepo kukafika pokwerera minibasi panali pafupi, koma anayenda nthawi yaitali. Bambo ankaponda ngati pansi pali minga. Sopo anawagwira mkono ndi dzanja limodzi, lina atagwira mwana, amene ankangosuzumira agogo ake kuseri kwa siketi.

Atafika, bambo anaima n'kumasula mkono wawo pang'onopang'ono.

"Mayi, mundikhululukire. Kumene tikupitaku akundidziwa?"

"Akukudziwani."

"Ndani?"

"Ine."

Anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu monga munthu amachitira kwa mlendo amene wamulozera njira.

Minibasi yoyamba inachepetsa liwiro, kondakitala anayang'ana mkuluyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumenya chitseko kuti dalaivala apitirire. Yachiwiri inali yodzaza. Yachitatu inaima. Sopo anakweza mwana kaye, kenako anaika chikhatho pamutu pa bambo ake kuti asagunde chitsulo cha pakhomo, n'kuwauza phazi loyamba kukweza.